Munthu Wosenza Madzi

Chaka chimene adadi anasiya kubwera kunyumba, ine ndinali m'giredi naini. Ankagwira ntchito yosamalira okalamba ku Indianapolis, ine ndi amayi tinatsala ku South Bend. Poyamba ankati mashifiti achuluka. Kenako ankati msewu waterera ndi chipale chofewa. Chipale chitasungunuka, sananenenso chifukwa china. Amayi sanandiuze kanthu, koma kutchalitchi ndinamva azimayi akunong'onezana kuti ku Speedway, dera lina la ku Indianapolis komweko, kuli mayi wina amene amawaphikira adadi. Zimenezi sindinazilembe ngakhale m'buku limene ndinkalembamo za tsiku lililonse. Ndinkangolemba kuti adadi sanabwere.

Pasaka atayandikira, abusa a gulu lathu la Amalawi anati Lachinayi Loyera tidye mgonero wofanana ndi umene ophunzira anakonzera Ambuye. Anapeza chipinda cham'mwamba pa sitolo ina ku Lafayette Road, mumzinda wa Indianapolis. Monga mwa nthawi zonse, azimayi anatenga zophika, azibambo zakumwa. Akazi a abusa anaimbira amayi foni ine ndili pomwepo.

"Madzi tawapatsa bambo a mwanayo," anatero. "Mwamuna wa kwathu ukamupatsa zakumwa sajomba, amaopa manyazi pamaso pa anzake. Akakwera nawo masitepe akhala pansi, ndipo akakhala pansi abusa adziwa polowera."

"Madzi basi?" anatero amayi. "Mukanawapatsa nkhosa yonse asenze, mwina akanatopa n'kugona konkuno."

Anaseka, koma atadula foni anakhala nthawi yaitali akupukuta sitovu yoyera kale. Ntchito yowauza adadi pafoni anandipatsa ine.

"Adadi, akuti Lachinayi mubweretse madzi."

"Madzi okha, mama?"

Ndinafuna kuwonjezera kena kake, koma ndinaleka. Ndinangoti eya.

Lachinayi lija amayi ananditenga kusukulu masana, tinauyamba wa ku Indianapolis. Ifeyo ndi amene tinatumidwa kukakonza. Minda ya m'mbali mwa msewu inali yosalimidwa, yotuwa, kumwambanso kotuwa. Nyama ya nkhosa tinagula kwa bambo wina wa ku Somalia pafupi ndi chipindacho. Mkate amayi anaukanda wopanda isiti, wopyapyala ngati chapati, n'kuuwotcha pa pani. Ndiwo zowawa zinawasowetsa mtendere sabata yonse, mpaka anakumbukira mfutso wa luni umene azakhali anawaikira m'sutikesi pobwera kuno. Anauphika wopanda nsinjiro, wopanda tomato.

Ine ndinayala mbale. Ndinaika ya adadi pafupi ndi ya amayi, kenako ndinaisuntha pang'ono kuti isachite kuonekera, kenako ndinaibwezeranso.

Anthu atafika, abusa anati tiyambe ndi mawu pamene tikudikira otsala. Anafotokoza kuti chakudyachi chinali cha Ayuda, chopatulika, chokumbukira usiku umene anatuluka mu ukapolo, ndipo ife tisanamizire kuti n'chathu. Ife timangofuna kumva pakamwa zimene ophunzira aja anadya tsiku limene Ambuye ananyema mkate, mawa lake n'kuphedwa. Anasimba mmene Ambuye anatumira ophunzira awiri mumzinda, kuwauza kuti akakumana ndi mwamuna wosenza mtsuko wa madzi amutsatire mpaka m'nyumba imene akalowe. M'menemo ndi mmene munali chipinda chodyeramo.

"Mwaona nzeru yake?" anatero abusa. "Kumeneko kunali ngati kwathu, madzi ankatunga ndi azimayi. Mwamuna wa mtsuko sakanasowa pagulu."

"Akanakhala ineyo akanadikira mpaka Khirisimasi," anatero bambo wina wogwira ntchito kuchipatala.

"Inu ngakhale kapu yanu yomwe simudziwa pamene imakhala," anawayankha akazi awo, anthu n'kuseka.

Ine sindinaseke. Ndinkadziwa kuti nkhaniyo si ya ife, koma ndinali ndi zaka zochepa ndipo ndinaitenga ngati uthenga wanga. Mwamuna wosenza madzi analowa m'nyumba. Sanaime pakhomo.

Ndinakaima pawindo. Galimoto ya adadi inafika abusa akulankhulabe. Sanaipake pamalo oimikapo, anangoiimika pafupi ndi khomo injini ikulira. Anatsegula buti, n'kunyamula mabotolo okulungidwa m'pulasitiki paphewa. Pampando wakutsogolo panali munthu. Nkhope sindinaione, ndinangoona dzanja lili ndi zibangili likusewera ndi foni.

Ndinatsika masitepe mwakachetechete. Tinakumana pansi. Anali ataonda, atavala shati ya buluu imene amayi anawagulira, osati zovala za kuntchito.

"Mama! Watalika chonchi liti? Ukufuna kundipitirira?"

Anatula madziwo pa sitepe yoyamba. Kumwamba kunkamveka anthu akuyamba nyimbo, ndipo mawu a amayi ankadziwika pakati pa onsewo. Adadi anayang'ana m'mwamba, dzanja lili pa chitsulo chogwirira.

"Mbale yanu ilipo," ndinatero.

"Ndikudziwa, mama." Anandigwira paphewa. "Ukawauze abusa kuti ndathamangira shifiti. Ndikuimbira mawa, wamva?"

Ndinawayang'ana akutuluka. Chitseko cha galasi chinatsekeka pang'onopang'ono chokha, ndipo galimoto inalowa mumsewu kulowera ku Speedway.

Mabotolowo anali olemera, sindikanatha kuwanyamula onse pamodzi. Ndinang'amba pulasitiki ndi mano, n'kufungatira amene ndikanatha. Nditalowa nawo m'chipinda, nyimbo inayamba kuzilala mzere ndi mzere. Aliyense anayang'ana kumbuyo kwanga. Akazi a abusa anaweramitsa mutu. Palibe anandifunsa, ndipo za shifiti zija sindinazinene.

Amayi anadzuka, anatenga mbale ya adadi, anaipukuta ndi nsalu ngakhale inali yosadyerapo, n'kuibwezera m'katoni.

Tinadya. Abusa anati ndiwo zowawa zinali zokumbutsa misozi ya akapolo, ndipo Ambuye anazidya akudziwa kuti anzake a patebulopo amuthawa usiku womwewo. Ananena mawuwa msangamsanga, osayang'ana kumbali kwathu. Luni uja anali wowawadi. Bambo wa nthabwala uja anatsokomola n'kutsegula botolo, ena onse anatsatira, mpaka zitsekerero zinali mbwee patebulo. Inenso ndinamwa.

Wina anaika botolo patsogolo pa amayi. Analiyang'ana, analisunthira kwa ine. Kenako anatenga kapu yawo, anapita pa sinki ya pakona, n'kutunga a pampopi.