Thumba la Phulusa

Mpaka lero fungo la thumba la feteleza lonyowa sindiliiwala. Ndikangolimva ndimabwerera kwathu, kufupi ndi Milepa, dzinja lija ndinali ndi zaka khumi. Mvumbi unkatha masiku anayi osaona dzuwa. Zovala sizinkauma, nkhuni zinkangofuka utsi wolowa m'maso, ndipo m'nkhokwe munali mutatsala zitsononkho zokhazokha. Chimanga kumunda chinali chitangomasula ngayaye. Tinkadya kamodzi patsiku, ndiwo zake nkhwani kapena chisoso, ndipo ndi nyengo imeneyo pamene anthu akwathu ankakumbukira kuti mphaka nayenso ali ndi pakamwa.

Wathu anali Phulusa, wamkazi, wotuwa ngati dzina lakelo, khutu limodzi long'ambika. Masika onse anagona pansi pa nkhokwe kulimbana ndi makoswe, aliyense akumuyamikira. Koma makoswe atasamuka poti kwathu kunalibenso choti n'kuba, Phulusa anagwira mwanapiye wa amayi. Mmodzi yekha! Mlandu unathera pomwepo. Amalume a Dizimasi, amene ankayang'anira mbumba yathu chichokereni bambo ku Joni, analamula kuti mphakayo atayidwe.

Kwathu mphaka saphedwa ndi manja. Akuluakulu ankati wopha mphaka manja ake amanjenjemera mpaka imfa, sangagwirenso khasu ngakhale kapu ya madzi. Ndiye anthu ochenjerawo anapeza njira yawo. Umamuika m'thumba, kumanga kukamwa, kulizunguza katatu kuti asokonezeke mutu asadzadziwenso njira, n'kukalisiya kutsidya la mtsinje osacheuka. Akafera m'thumbamo ndi njala kapena fisi akamupeza, si iwe. Ndipo ntchito imeneyi ankatuma ana, kuti akuluwo asayandikire n'komwe tsokalo. Tsiku limenelo thumba anandisenzetsa ine.

Sindinalizunguze, ndipo sindinawoloke. Chakufupi ndi doko, tsidya lathu lomweli, kunkakhala a Felesiya, mayi wamtali amene anagwirapo ntchito yokolopa m'mawodi kuchipatala cha mishoni. Amuna awo anawasiya, mwana analibe. Ndisaname, sanali munthu wokondeka. Ukapanda kuwapatsa moni bwino ankakulalatira mpaka kutchula agogo ako. Koma mudzi wonse unkadziwa kuti iwo ndi amene ankawoloka m'mawa kukamasula matumba aja, n'kusunga amphakawo m'khola lomwe mbuzi zake zinabedwa kalekale. Ndinafika pabwalo pawo ndikulira, thumba likusuntha pamsana panga.

"Iwenso, Lusiya? Mukuyesa pano ndi padzala?" anatero, uku akumasula chingwe. Anamuyang'ana Phulusa m'maso ndi m'kamwa, kenako anatembenukira kwa ine. "Ngati ukufuna akhale moyo uzibwera ndi chakudya. Misozi yakoyo mphaka sakhuta."

Kholalo ankaliyendetsa ngati wodi. Amphaka analimo khumi ndi mmodzi, Phulusa wachikhumi ndi chiwiri. Odwala maso anali kumbali yawo yotchinga ndi bango, ndipo m'mawa uliwonse ankawatsuka manthongo ndi madzi ofunda amchere. Madzi akumwa ankathira m'zigubu zodula pakati. Pakona panali beseni lobooka lodzaza mchenga, ndipo kukataya mchengawo n'kutunga wina kumtsinje inakhala ntchito yanga. Chakudya chinali phala la madeya losakaniza mitu ya bonya, yomwe a Felesiya ankasesa pansi pa mabenchi tsiku la msika, anthu akuwaseka. Munkanunkha bonya, udzu wovunda ndi ubweya wonyowa, koma munali mofunda kuposa kuchipinda kwathu. Anandiuza kuti masika akafika, anthu omwe anatayawo amabwera okha kudzabwereka amphaka, ena mpaka kusankha, osachita manyazi ngakhale pang'ono.

Milungu itatu ndinkapita tsiku ndi tsiku pochokera kusukulu. Ndinkabisa mkute m'tsamba la nthochi, nthawi zina ngumbi zodzaza dzanja. Ndikafika ndinkangokhuza zala ziwiri n'kuitana, Phulusa n'kutsika pomwe ali, mchira uli m'mwamba. Pobwerera ankanditsatira mpaka pamtengo wa mango wapanjira, ine n'kumuthamangitsa ndi timiyala. Tsiku lililonse ankanditsatira patsogolo pang'ono kuposa dzulo. Ndinkaona ngati masewera, mutu wanga wopusawu.

Kenako mlongo wanga Yohane, wa zaka ziwiri, anadwala. Thupi linatentha ngati mbaula, anakana bere, tsiku lachiwiri anayamba kukomoka, maso kutembenuka. M'mawa wa tsiku lachitatu amayi anatuluka kukatunga madzi akumwa, ndipo pobwera anapeza Phulusa atadzipinda pamkeka, chakumutu kwa mwanayo. Kukuwa kwa amayi kunasonkhanitsa anthu. Phulusa anathawira pawindo.

"Mphaka wozunguzidwa katatu, awoloke mtsinje wodzaza chonchi, n'kudzakhala pamutu pa mwana wodwala?" anatero amalume. "Ameneyu sanabwere yekha. Watumidwa."

Mayi wina woyandikana nafe, amene nayenso anataya wake chaka chomwecho, ananena kuti khutu long'ambikalo analiona kwa a Felesiya. Basi, moto unagwira. Dzuwa lisanafike pamutu tinali tonse pabwalo la a Felesiya, anyamata atanyamula matumba, amayi ena atabereka ana, matope mpaka m'maondo. Amalume anandikoka dzanja n'kundiimika pakati pa anthu.

"Lusiya, nena pamaso pa anthuwa. Thumba lija unalisiya kuti?"

Yankho ndinali nalo, ndipo linali lalifupi. Ndikanangoti sindinazunguze, sindinawoloke, ndinamubweretsa kuno ndekha, ndipo njira yakunyumba wayidziwa ponditsatira ine, nkhani yonse ya kutumidwayo ikanagwa pansi. Koma ndinaona lamba wa amalume. Ndinaganizanso kuti Yohane akafa, aliyense adzati ndamupha ndine. A Felesiya anali chiimire pakhomo la khola, akundiyang'ana osaphethira.

"Ndinalizunguza katatu, ndinakalisiya kutsidya," ndinatero. "Sindinacheuke."

Anthu anang'ung'udza. Ndinadikira kuti a Felesiya, ndi kamwa lawo lija, andivule pagulu, anene za mkute ndi mchenga. Sanatero. Anangopukusa mutu n'kuchoka pakhomopo.

"Mwamva, mwana wanena," anatero. "Lowani. Koma aliyense ayang'ane bwino, wake amuzindikira. Palibe mphaka anagwa kumwamba muno."

Anyamata analowa n'kutseka chitseko, ndipo kulira komwe kunamveka m'kholamo sindifuna kukufotokoza. Anatuluka ndi matumba atatu, manja ali magazi chifukwa cha zikhadabo. Phulusa yekha ndiye anasowa. Anali padenga la nyumba, atatupitsa ubweya. Anamugenda, anamutosa ndi nsungwi, iye n'kumangosunthira pamwamba.

"Muitane iweyo, amakumvera," anatero amalume.

Ndinakhuza zala zanga ziwiri zija. Ndinaitana monga ndinkaitanira ndikabwera ndi chakudya. Phulusa anandiyang'ana kanthawi, kenako anatsika, kudutsa pakati pa miyendo ya anthu onse aja, n'kudzadzikhuza pamiyendo yanga. Nditamunyamula anayamba kankonono kake ka chisangalalo. Amalume anatsegula thumba, ndipo ndinamuikamo ndine.

Kutsidya sanapite nawo, poti ankati a Felesiya akawamasulanso. Anaima padoko n'kuponya matumba anayiwo pakati pa madzi ofiira, akuthamanga ndi mapesi ndi zinyalala. Mnyamata wina anapukuta manja pakabudula n'kunena mokweza kuti apha ndi madzi, osati ife. Ena anaseka. Thumba la Phulusa linali lopepuka, ndiye linayandama nthawi yaitali kuposa enawo lisanakhote pakona.

Masana omwewo amayi, osapempha chilolezo kwa aliyense, anakwera kabaza ndi Yohane kupita kuchipatala. Anamupeza ndi malungo, anamubaya jakisoni, ndipo patatha masiku atatu anayamba kuyamwa. Mudzi wonse unati mwaona, tachotsa amphaka mwana wadzuka. Amalume ankayenda chifuwa chili patsogolo. A Felesiya anasiya kupatsidwa moni, pamjigo amayi ankasuntha ndowa zawo akafika, ndipo chimanga chisanaume anamanga katundu kupita kwa abale awo cha ku Magomero. Sindinawatsanzike. Masika amenewo makoswe anadya m'nkhokwe masana dzuwa likuswa mtengo, ndipo anthu aja, ati anthu opemphera, ankafunsana kuti kodi mphaka angapezeke kuti.

Ine ndinatha chaka chonsecho ndikuyang'ana manja anga. M'kalasi ndinkawatambasula pansi pa desiki, pokatunga madzi ndinkawaika padzuwa, kudikira kuti ayambe kunjenjemera. Sananjenjemere. Ndiye m'mutu wanga wachibwana ndinavomereza kuti mnyamata uja ananena zoona: anapha ndi madzi, ndipo ine ndapulumuka.

Pano ndimakhala ku Limbe, ndili ndi ana anga akuluakulu. Kunja kwa tauni kuli malo osungirako agalu ndi amphaka osowa kwawo, ndipo masiku ena a Loweruka ndimapitako ndi mabulangete akale, bonya, n'kuthandiza kutaya mchenga. Atsikana ogwira ntchito kumeneko amandiyesa munthu wabwino. Akalandira mphaka wolusa, wobisala pakona osadya, amathamangira ine kuti amayi, tayesani inuyo, amakumverani. Ndimagwada, n'kukhuza zala ziwiri. Manja anga ndi okhazikika bwinobwino, sananjenjemerepo ngakhale tsiku limodzi. Ndili mwana ndinkati ndiye kuti tsoka lija linandiphonya. Lero ndimaona mphaka akutuluka pakona paja, akubwera kwa ine mchira uli m'mwamba, osakayika chilichonse monga anabwerera Phulusa tsiku lija, ndipo ndimadziwa kuti silinandiphonye.