Waya wa Gerishon Unadzera M'manachesi

Gerishon atafika pamwamba pa phiri, anapeza mtengo wa waya wa foni uli gone, ukufukabe utsi. Anangokhala pansi paphulusa pomwepo. Sikanali koyamba chilimwe chimenecho, ndipo mphamvu zokwiyira zinali zitamuthera.

Munthuyu anatopa kalekale asanakwere phirilo. Ndale za zipani zambiri zitangobwera, kuntchito kwake kwa zamatelefoni ku Blantyre anachepetsa anthu, iye n'kuuzidwa kuti akapume. Kuuza bambo wa ana kuti akapume n'chipongwe chenicheni. Anabwerera kwawo ku Neno ndi pulayala m'thumba, n'kumakonza mawayilesi pakhonde la golosale paboma.

Kenako kachipatala kena ka mpingo kumapiri a ku Dambe kanalandira kompyuta ndi kabokosi kotchedwa modemu. Ntchito ya kabokosiko inali kutenga zolembedwa pakompyuta n'kuzidutsitsa pawaya wa foni, kuti uthenga uzifika kwa madokotala ku Blantyre tsiku lomwelo. Vuto linali loti waya wa foni unkathera kuseri kwa phiri. Gerishon anati aukoka yekha.

Anaukokadi, mowongoka bwino monga anamuphunzitsira kuntchito, kudutsa pakati pa tchire. Chimene anaiwala mwana wa ku Neno ameneyu n'choti udzu ukauma, osaka mbewa amatentha tchire. Moto wa mbewa sufunsa kuti mtengo uwu waimiranji pano.

Mayi Yunike, namwino wamkulu pachipatalapo, anamuuza mosabisa.

"A Gerishon, akumpingo akuti mvula ikayamba waya usanakhazikike, adzatenga zipangizozi kupita nazo ku Lisungwi. Inu mukudziwa, mtsinje ukadzaza kuno timakhala ngati tili m'botolo. Mwana akadwalika, ndifunsa yani?"

Gerishon analankhula kutchalitchi, anthu n'kugwedeza mitu. Analankhula pamsika, munthu wina n'kumuyankha kuti, "Pano ndi demokalase, bambo, tchire si lanu." Amadzutsa mtengo lero, mkuja wapsa wina. Nsapato zinang'ambika, mapewa anatupa ndi kusenza mitengo, ndipo kunyumba anasiya kumufunsa kuti zayenda bwanji.

Tsiku limene anakhala paphulusa lija, anatsika phiri atatsimikiza zokauza Mayi Yunike kuti basi, wagonja. Mbali yonse ya phirilo inali bii, kupatula kamunda kamodzi ka manachesi kamene kanali kobiriwira ngati palibe chachitika. Mwini wake, Mayi Mailesi, anali akulambula udzu m'malire ndi khasu.

"Kodi mayi, moto umakuopani?" anafunsa Gerishon.

"Umaopa khasu," anatero Mayi Mailesi osaweramuka n'komwe. "Ndipo wotentha amayang'ana kaye kuti pali manachesi a yani. Nanga mitengo yanu ija mwini wake ndani, eti?"

Kwa Mayi Yunike Gerishon sanapiteko tsiku limenelo.

M'mawa mwake anayamba kuyenda khomo ndi khomo, chipewa chili m'manja, kupempha kuti aimike mtengo wake pakati pa manachesi a eni ake. Ena anakana poopa mphenzi. Ena analola atamva kuti waya umenewo ndi wa kuchipatala kumene akazi awo amachilira. Wokana ankamulambalala, n'kukagogoda kwa wina.

Waya unatuluka wokhotakhota ngati njira ya munthu woledzera. Anzake a ku Blantyre akanauona akanaseka mpaka misozi. Koma moto unabwera, n'kudutsa, mitengo ili chilili.

Musaganize kuti zinathera pomwepo. Atalumikiza modemu, kabokosiko kanalira, kanatsokomola, kenako zii. Waya unali utatalika kwambiri, ndipo uthenga unkafera panjira. Kumwamba mitambo inali itayamba kale kusonkhana. Gerishon anagwira kumutu. Anali atatopa moti ngakhale kulira kunkaoneka ngati ntchito ina.

Ali chikhalire choncho, anakumbukira kuti pa foni yosamveka bwino munthu sukuwa, umangolankhula modekha. Anatsitsa liwiro la modemu mpaka pansi penipeni, n'kuuza Mayi Yunike kuti ayesenso. Uthenga waufupi unatenga nthawi yoti munthu n'kuphika tiyi n'kumwa. Koma unapita. Dzuwa lisanapendeke yankho linabwera kuchokera ku Blantyre: "Tamva. Mukufuna chiyani?"

Mayi Yunike anavula magalasi n'kupukuta m'maso. Gerishon anatuluka panja, n'kutsamira khoma, tulo n'kumutenga masana dzuwa likuswa mtengo.

Dzinja limenelo mtsinje unadzaza monga mwa nthawi zonse, koma chipatala sichinakhale chete. Malangizo a madokotala ankabwera pawaya, mankhwala n'kumafikira kutsidya anthu atadikirira kale. Ana amene anachira chaka chimenecho, ena anali a anthu omwe aja ankatentha tchire.

Umo ndi mmene inayambira kampani yaing'ono ya Gerishon. Patapita zaka inadzayamba kuika mamodemu othamanga m'masukulu ndi m'maofesi, ena osafuna waya n'komwe. Koma mpaka anakalamba, asanaimike chilichonse ankayamba wafunsa kuti, "Pano adzalambula ndani?"

Inu amene mwakhala paphulusa lero, kutopa kwanuko n'koona, ndipo palibe amene angakunyozeni nako. Pumani ndithu. Mukatero dzukani muyang'ane pamene moto sunafike, mukagogode pamenepo. Njira ikhote, liwiro lichepe, bola uthenga ufike. Osataya mtima.