Mchere Umene Sunayere

Linali botolo la mafuta ophikira, lodulidwa pakati ndi mpeni wotentha, m'mphepete mwake muli mopindikapindika momwe pulasitiki anasungunuka. Tinkalizondotsa, kukamwa kwake n'kumangako kansanza koyera ndi ulusi wa thumba la feteleza. Aphunzitsi athu a sayansi ankalitcha fanelo, ndipo pasukulu yathu yonse, kufupi ndi Mitundu, panalibe chida china cha sayansi choposa chimenechi. Tinkalitsuka ndi phulusa, kulitsukanso ndi mchenga, koma linkanunkhabe mafuta okazingira mandasi. Mpaka lero ndikamva fungo limenelo pamsika, mtima umandiwawa.

Chinali chilimwe cha chaka chimene sukulu inangosanduka yaulere. Matipate anali atangobwera kumene, ndipo mawu akuti ufulu anali pakamwa pa aliyense, ngakhale oledzera a pabawo. Ana anakhamukira kusukulu ngati ngumbi mvula itagwa, ena ndevu zitayamba kale. Ife a Sitandade 7 anatitulutsa m'kalasi kuti mulowe ana ang'onoang'ono, tikaphunzirire pansi pa mtengo wa mango, bolodi litatsamira pathunthu. Mphepo ikabwera ndi fumbi tinkatseka maso, aphunzitsi n'kudikira kuti idutse.

Aphunzitsiwo ndinkawakonda, ndisaname. Anali munthu wamtali, wa malaya oyera opinda manja, choko chili mpaka m'nsidze. Mvula ya chaka chapitacho mphenzi inapha ng'ombe kudambo, ndipo mudzi wonse unkanong'ona dzina la munthu amene anaitumiza. Iwo anangoseka, natijambulira mitambo pabolodi, n'kutiuza kuti mphenzi ilibe mwini. Ankakonda kunena kuti, "Sayansi siidziwa kuti uyu ndi mwamuna, uyu ndi mkazi. Imangofuna maso ndi manja." Ine maso ndinali nawo, manja ndinali nawo, ndiye ndinawakhulupirira ndi mtima wonse.

Tsiku lina anabwera ndi mchere wamiyala wa pamsika, wotuwa uja, nausakaniza m'mbale ndi mchenga wa pabwalo la mpira. Anafunsa kuti ndani angathe kubweza mcherewo pawokha. Anyamata anayamba kutola ndi zala, kamodzikamodzi, ngati nkhuku pamtondo. Ine ndinakumbuka mmene amayi ankachezera chidulo cha thelele: phulusa m'kamphika kobooka, madzi pamwamba, n'kumadontha pansi phulusa litatsalira. Ndinathira madzi m'mbalemo, n'kuvundula mpaka mchere unasowa. Aphunzitsi anandipatsa botolo lija. Mchenga unatsalira pakansanza, madzi anadutsa. Madziwo tinawaika pa chivindikiro cha chitini, pamakala a mbaula, ndipo atauma panatsala zoyera zomatirira. Aphunzitsi ananyowetsa chala, nakhudza, nalawa. "Uwu ndiye mchere," anatero. Kalasi yonse inafola kuti ilaweko.

Kuyambira tsiku limenelo ndinali ngati wolodzedwa. Ndinkayesa kuseri kwa chigafa cha fodya, amayi akuganiza kuti ndikutola nkhuni. Ndinazindikira ndekha kuti moto ukachuluka mchere umathetheka n'kufiira. Ndinazindikiranso kuti ukaupatsa dzuwa lokha, osafulumira, umauma uli timiyala tosalala tokhala ndi ngodya zinayi, tofanana tokhatokha ngati wina wachita kutisema. Palibe anandiuza zimenezo. Ndinkagona chafufumimba pafumbi, mphuno pafupi ndi chivindikiro, thukuta likulowa m'maso, ndikudabwa kuti amene amatiyala chonchi ndani.

Kenaka kunabwera uthenga woti masukulu a kudera kwathu akakumana ku Nathenje, sukulu iliyonse ikaonetse chimene ana ake akudziwa pa sayansi. Aphunzitsi sanachedwe kusankha. Anandiloza ine pamaso pa onse. Anati ndikachita zonse ndekha anthu akuona, ndipo pomaliza ndikazungulira ndi chivindikiro kuti alendo ndi aphunzitsi a masukulu ena alawe okha, asamangomva zakumva. Anyamata ena anandida sabata imeneyo, koma ine ndinalibe nazo ntchito.

Kunyumba nkhaniyi inali yaikulu kuposa mmene aphunzitsi ankadziwira. Bambo anga anali atapita ku esiteti ina kalekale osabwereranso, ndipo wotilamula anali amalume, mwini mbumba, mlimi wa fodya wosakonda mawu ambiri. Iwo ankati sukulu ya mtsikana ithere pa Sitandade 8, pamene yaulere yathera. Amayi atawauza za ku Nathenje, amalumewo anapala chala chawo ndi kamtengo. "Ndikakunyamula ndekha panjinga," anandiuza. "Ndikaone ndi maso anga ngati zasukulu zakozi zili ndi mutu. Akakakuombera m'manja anthu a ku Nathenje, za sekondale ndidzaziganizira." Amalume sankalonjeza kawiri, ndipo tonse tinkadziwa.

Sabata ya chionetsero yomweyo ndi pamene ndinakula. Ndinadzuka m'mawa n'kuona magazi, ndipo ndinaganiza kuti ndikufa. Amayi sanandiyang'ane kumaso. Anakaitana azakhali, chifukwa zoterezi mayi sauza mwana wake yekha. Azakhali ananditsekera m'kanyumba kawo, nanding'ambira chitenje chakale, nandiuza zambiri zimene zina ndinaiwala. Koma chimodzi anachibwereza mpaka kundigwira khutu. "Ukakhala kumwezi, mchere usakhudze. Ukaphika ndiwo, uziitana mwana wamng'ono akuthirire. Ukathira wekha udula anthu. Atupa, atsokomola, afa. Wamva?" Ndinati ndamva. M'mutu mwanga zinali za ndiwo za pakhomo basi. Za pa chivindikiro zija sizinali ndiwo, zinali sayansi, ndipo aphunzitsi anali atanena kale kuti sayansi siidziwa mkazi.

Ndinajomba masiku angapo, n'kubwerera kusukulu chionetsero chili mawa lake. Ndinkayenda mothina miyendo, ndikuopa kuti aliyense akundiona kumbuyo. Ataweruka ena onse, aphunzitsi anasiya ochepa kuti tiyeserere komaliza. Ndinachita zonse mwadongosolo. Kansanza ndinakapinda kawiri, moto ndinauchepetsa, ndipo mchere unatuluka woyera mbee, kuposa masiku onse. Ndinanyamula chivindikiro ndi timitengo tiwiri, n'kupita nacho kwa iwo monga mwa nthawi zonse.

Sananyowetse chala. Manja onse awiri anawaika kumbuyo, nawerama pang'ono, nayang'ana ali chapatali.

"Sunayere bwino," anatero. "Muli litsiro."

Ndinayang'ana pa chivindikiro, osaona litsiro lililonse. Koma anali aphunzitsi. Anaitana kamnyamata kena ka m'kalasi mwathu, kamene kankandikolezera makala, nakauza kuti kayese. Kanathira madzi ambiri, kanakupiza moto mpaka chivindikiro chinathetheka, ndipo zotsalira zake zinali zofiira ngati dothi la pachulu. Aphunzitsi ananyowetsa chala, nalawa, nagwedeza mutu. "Mawa upita iwe," anakauza. Kenaka anatembenukira kwa ine, osandiyang'ana m'maso. "Mtsikana iwe, upume. Wajomba kwambiri, ndipo ukuoneka wotopa." Botolo lija analipereka kwa kamnyamatako kuti kakagone nalo kwawo.

M'mawa mwake amalume anafika dzuwa lisanatenthe, atavala jekete la kutchalitchi, pakaliyala atamangapo thumba lopinda kuti ndisamve kuwawa. Thumba limenelo limandipweteka kuposa zonse, chifukwa likusonyeza kuti munthu uja anali atatsimikizadi. Anandipeza ndikusesa pabwalo, yunifolomu ili pachingwe. Ndinawauza mmene aphunzitsi ananenera, kuti mchere wanga sunayere. Anatsika panjinga, nandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Mphunzitsi sasiya mwana wodziwa," anatero. "Ngati wakusiya, ndiye kuti sunakhoze." Amayi anali pakhonde akupeta chimanga. Sanadzutse mutu, lichero linangopitiriza kulira. Amalume anamasula thumba lija, nalipinda bwinobwino, nabwerera kudimba kukathirira nazale ya fodya.

Chaka chotsatira dzina langa silinatuluke pa osankhidwa kupita ku sekondale. Anzanga ena amene anali ndi owakankha anabwereza kalasi, ena anapezeredwa malo kwina. Amayi atayesa kutchula zoti ndibwereze, amalume anangoti, "Mwaiwala za ku Nathenje?" Nkhani inathera pomwepo. Amati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. N'zoona ndithu, wanga unazimira momwemo.

Choonadi ndinachimva ndili kale pabanja, ndi mwana kumsana. Tinkaswa mtedza ndi amayi, ndipo anachinena mopepuka, ngati akunena za mtengo wa sopo. Anati sabata ija anakumana ndi akazi a aphunzitsi pamjigo, n'kuwanong'oneza kuti mwana wakula, akauze amuna awo asalole kuti alawitse anthu mchere. "Ndikanatani?" anandifunsa. "Ukanakadula anthu a eni ku Nathenje, mlandu wake ndani akanaunyamula?" Zaka zimenezo maliro anali osatha, ndipo aliyense woonda ndi kutsokomola ankati wadulidwa. Amayi sanapite kusukulu, ndipo anachita zimene ankadziwa kuti apulumutse anthu kwa ine, ndi ine ku mlandu. Mkwiyo wanga pa iwo unatha kalekale.

Koma aphunzitsi aja sindinawakhululukire, ndipo sindikuona ngati ndidzatero. Munthu amene anaseka mudzi wonse pa nkhani ya mphenzi anaopa chivindikiro cha mchere m'manja mwa kamtsikana. Anachita zomwe azakhali ananena, ndendende: anaitana mwana wamng'ono kuti athire mchere. Akanakhala kuti anaopa n'kunena kuti akuopa, bwenzi ndikuwamvetsa, mantha alibe wophunzira. Akanatha kunena kuti kulawa kuja tikusiye, tingoonetsa ndi maso. Akanatha kuuza amalume mawu amodzi okha, akuti mwanayu amadziwa. Iwo anasankha chophweka, kunamizira ntchito ya manja anga pamaso pa anzanga, kuti manyazi awo ndiwasenze ine.

Masiku ano kusukulu ya mwana wanga wamkazi kumabwera alendo a magalimoto, ndipo ife makolo amatiitana tikakhale kumbuyo. Amaimika atsikana padzuwa n'kuwauza kuti, "Atsikana, musamaope masamu, musamaope sayansi." Ndimaomba nawo m'manja, chifukwa cholinga chawo n'chabwino. Koma m'mtima ndimati mwalakwitsa kolankhula, tembenukirani kuno kumene takhala akuluakulu. Ine sayansi sindinaiopepo ndi tsiku limodzi. Mwana wanga akabwera ndi mafunso ake a zosungunuka ndi zosasungunuka, ndimasiya makina osokera n'kukhala naye, ndipo mchere m'nyumba mwanga amathira tsiku lililonse limene wafuna.

Koma zonsezi ndikunena ndi nzeru za lero. Mtsikana wa chilimwe chija analibe nzeru zimenezi. Iye anamva chinthu chimodzi, chakuti mchere wake muli litsiro, ndipo anaganiza kuti akalichotsa zonse zibwerera m'malo. Tsiku la ku Nathenje lomwelo, amalume atangochoka, ndinaba kamchere kukhitchini n'kupita kuseri kwa chigafa. Ndinang'amba m'mphepete mwa petikoti yanga kuti ndipeze nsalu yoyera kwambiri. Ndinasefa, n'kuumitsa padzuwa, n'kusungunulanso, n'kusefanso. Ntchentche ikayandikira ndinkaithamangitsa ndi tsamba, mphepo ikabwera ndinkaphimba ndi thupi langa. Ndinachita zimenezo tsiku lonse ndi la mawa lake, mpaka mchere unatsala wochepa, wodzaza chikhadabo, woyera moti maso ankawawa pouyang'ana.

Lolemba ndinaukulunga m'tsamba la mango n'kupita nawo m'mawa anzanga asanafike. Ndinawapeza aphunzitsi akupukuta bolodi. Ndinagwada, n'kutambasula manja onse awiri, n'kunena kuti, "Aphunzitsi, tsopano wayera." Anayang'ana tsambalo, nayang'ana manja anga, naloza ndi chibwano mwala umene unali patsinde pa mtengo. "Ika apo, ndiona bwino," anatero. Ndinauika pamwalapo. Tsiku lonse ndinkauyang'ana ndili pamalo anga, ndikudikira kuti anyowetse chala. Pomwe tinkaweruka, nyerere zinali zitauzungulira, ndipo tsamba linali litapiringizika ndi dzuwa.

Ndinabwerera kunyumba ndikuganiza kuti mwina nsalu inali yopyapyala, mwina madzi a pamjigo ali ndi dothi, ndipo mawa ndikatunge a pachitsime cha kudimba. Ndinali wokonzeka kusefa mpaka chilimwe chithe. Sindinkadziwa kuti palibe nsalu imene ikanathandiza, chifukwa litsiro limene aphunzitsi ankaliona linali ineyo.