Mayi Amene Anatsatira Nkhungu Kuphiri

Anzawo akuntchito ankawatcha Mayi Chala, chifukwa asanathirire mbande ankayamba apisa chala m'dothi. Ntchito ya kunazale ya paini, m'tsinde mwa phiri, anaiyamba ali ndi mwana woyamba kumsana. Pofika nthawi ya nkhaniyi anali ndi zidzukulu zinayi, ndipo mawondo anali atayamba kuwavuta.

Kale nkhungu inkatsika mpaka kunazaleko, machubu a mbande n'kukhala onyowa mpaka dzuwa kukwera. Kenako inayamba kuthera m'mwamba mwa phiri. Mvula nayo inkachedwa, ikabwera n'kukhuthuka masiku ochepa, basi n'kusowa. Zaka zitatu zotsatizana, mbande zimene anawokera m'munsi zinafiira nsonga n'kuuma.

Kapitawo anati vuto ndi antchito. "Maenje anuwa ndi osaya," anatero.

"Bwana, ine maenje ndinayamba kukumba inu musanamere ndevu," anayankha Mayi Chala. "Tabwerani muone."

Anapita nawo pa chitsa cha paini wochekedwa kumene, n'kuloza mizere yozungulira ya pachitsapo.

"Mzere uliwonse ndi chaka chimodzi. Yam'katiyi ndi yotalikirana, mtengo unkakhuta madzi. Yakunjayi yathithikana ngati masamba a buku. Mtengowu unkafa ndi ludzu uli chiimire."

"Ndiye mukufuna ndikaitane mvula?"

"Ayi. Titsatire nkhungu kumene yapita."

Kapitawo anakana. Anati galimoto sifika kumtunda, ndipo palibe angasenze mbande mtunda wonsewo.

Mayi Chala sanakangane nawo. Anatola zipatso za mitengo imene inapirira chilala, n'kuziyanika mpaka njere zinatuluka, n'kufesa pakona pa nazale. Mvula ya chaka chotsatira itayamba, anapempha kuti mbande mazana atatu zimene zinamerazo akawokere okha kumtunda. Kapitawo anangoti, "Msana ndi wanu."

Ankasenza makumi awiri m'beseni, ulendo wa maola awiri. Tsiku lachitatu mlamu wawo, yemwenso ankagwira ntchito kunazaleko, anatenga beseni lake n'kuwatsatira.

"Mlamu, mawondo amenewa mudzawasiya m'phiri muno," anatero akupuma pamwala.

"Ndikawasiya mudzanditolere. Tiyeni, dothi likadali lonyowa."

Anawokera mbali imene dzuwa lamadzulo siliwomba, mbande iliyonse n'kuiphimbira patsinde ndi masamba ouma a paini. Zina anaziika m'kachigwa, poganiza kuti m'menemo chinyezi chimakhalitsa. Apo ndiye analakwitsa. Nthawi yozizira chisanu chinagona m'kachigwamo n'kupsereza mbande makumi asanu ndi atatu. Mayi Chala ataziona anazizula imodziimodzi kuti aone mmene mizu inalili.

Chilimwe chitatha, kapitawo anakwera okha, ali wefuwefu. M'munsi munali mutatsala mitengo yowerengeka ndi zala. Kumtundako anapeza yoposa mazana awiri, yobiriwira, ina yofika m'bondo. Anawerenga kawiri.

"Chaka chino tonse tiwokera kuno," anatero.

"Kupatula kachigwako. Kameneko kandiphunzitsa kale."

"Nanga mbande tidzakweza bwanji?"

"Sitikweza mbande, bwana. Tikweza nazale. Kuseri kwa thanthwelo kuli kasupe, sanaphwepo chaka chonse."

Sabata yotsatira antchito khumi ndi awiri anayamba kulambula njira yopita kukasupeko. Mayi Chala anali patsogolo ndi ndodo, akuwasonyeza poti akumbe masitepe.