Nyemba za a Chipewa

A Chipewa asesa pasukulu ya kuseri kwa msika zaka makumi awiri. Dzinalo analitengera chipewa chawo chakutha, chimene sachivula ngakhale pamaso pa ahedi. Zaka zonsezo palibe amene anawapemphapo nzeru. Chimene anthu amawapempha ndi kiyi wa chimbudzi.

Kuseri kwa kalasi yachitatu kunali dzala. Iwo anachotsapo zitini ndi nsapato zakutha, anathira manyowa, anakonza mabedi anayi a mbewu, n'kundandalika matayala akale oti ana azikhalapo pophunzira. Ahedi, amene anali atangogula galimoto, anawayang'ana malowo ngati telala woyeza nsalu.

"Achikulire, teremu ikatha popanda chomera, ndithirapo simenti, ndimangepo shedi. Galimoto yanga ikupsa ndi dzuwa."

"Zimera, bwana."

Nyemba anadzala ndi ana a kalasiyo, ana okulira m'nyumba zopanda bwalo, oganiza kuti nyemba zimabadwira m'thumba. Sabata inatha, zii. Anadzalanso, zii. A Chipewa anatukwana makoswe, anatukwana nkhuku za eni, anatukwana wogulitsa mbewu ndi mtundu wake wonse.

Tsiku lina pa buleki, atabisala kuseri kwa thanki kudikirira nkhukuzo, anaona kalasi yonse itagwada m'mabedi, ikufukula ndi zala.

"Inu! Mukutani?"

Kamtsikana kopanda mano akutsogolo kanakweza nyemba yotuluka kamchira koyera. "Tikuziona, agogo. Timaziona tsiku lililonse. Tikatha timazikwirira bwinobwino."

"Iwe, ukagona amayi ako amakudzutsa kuti aone ngati wakula?"

"Amandidzutsa kuti ndikakodze."

A Chipewa anavula chipewa kuti akande mutu, ndipo ana anakuwa, pakuti panalibe amene ankadziwa za dazilo. Kukwapula sakanatha. Kuletsa mwana kuona n'kungotaya malovu. M'mawa mwake anabwera ndi mabotolo khumi otola padzala lomwe lija, anathiramo dothi, n'kukanikiza nyemba m'mbali mwa galasi kuti muzu uzionekera kunja.

"Za m'botolo onani mpaka maso atupe. Za m'bedi, amene akhudze ndimudzala iyeyo."

Teremu isanathe mabedi onse anabiriwira. Ahedi anaitana alendo, anaima pakati pa nyembazo, n'kufotokoza za "dimba limene ndinaliganiza ine." A Chipewa sanatchulidwe. Mlendo mmodzi yekha ndiye anawayandikira, kudzapempha kiyi wa chimbudzi.

Anamupatsa akumwetulira. Galimoto ija mpaka lero ikupsabe ndi dzuwa, ndipo masana aliwonse a Chipewa amapita kukaiona, ati aone ngati yakula.