Mwezi Utafiira ku Ntengo-Wambalame

Wailesi yalengeza kuti lero kuli kadamsana wa mwezi, ndipo ndakumbukira chaka chimene tinabwerera ku Ntengo-Wambalame kuchokera ku Malawi kothawa nkhondo. Ndinali kamtsikana, tikugona m'chisakasa chonunkhira udzu wauwisi. Usiku wina wozizira mwezi unayamba kudyeka, kenako n'kufiira ngati denga likamapsa. Ine ndinati basi, nkhondo yafika kumwamba. Ndinakulunga chofunda changa n'kukaima panjira.

"Amayi, tiyeni! Ayambanso kuwotcha!"

Amayi anandigwira pamkono.

"Khala pansi, mwanawe. Kachewere tabzala kale, sitipitanso kulikonse."

Tinakhala pamphasa, maso kumwamba, mpaka mwezi unayeranso. Pano nditakula m'pamene ndazindikira kuti mawu aja amayi sankauza ine ndekha, ankadziuzanso okha.