Tayi Yobiriwira ya a Oldroyd

Aliyense wopemphera patchalitchi chathu chaching'ono ku Batley amawadziwa a Clifford Oldroyd. Ndi bambo aja amaima pakhomo Lamulungu lililonse n'kumagawa mabuku a nyimbo, atavala jekete yakuda ndi tayi yobiriwira. Mukawafunsa kuti adzuka bwanji, yankho ndi limodzi chaka chonse: "Sitingadandaule." Kwathu kuno mwamuna wa msinkhu wawo sayankha mwina, ngakhale mwendo utaduka.

Anagwira ntchito zaka zambiri pafakitale yoluka makapeti, mpaka nyamakazi inawapinda zala. Anthu ankaganiza kuti amadya penshoni ya kufakitaleko, ndipo iwo sankatsutsa. Koma penshoniyo kunalibe. Kwa zaka khumi ndi chimodzi, chimene chinkawadyetsa ndi kuwalipirira nyumba chinali chithandizo cha boma cha anthu odwala. Amene ankadziwa anali akazi awo okha, malemu a Doreen, ndipo chinsinsicho anapita nacho kumanda.

Kalata ya boma inabwera mu envelopu yakhaki, mtundu uja umene munthu amauzindikira asanatsegule n'komwe. A Oldroyd anailowetsa kuseri kwa wotchi ya pabalaza, ndipo inakhala komweko masabata khumi. Tsiku limene anaitsegula anaiwerenga katatu ataimirira. Chithandizo chakale chikutha. Apemphe okha chatsopano, chija amati Universal Credit, kudzera pa intaneti, tsiku lolembedwa m'kalatamo lisanadutse. Akapanda kutero, zonse ziima, za nyumba zomwe. Kunali kutatsala masiku khumi ndi limodzi, ndipo iwo kompyuta anali asanaigwirepo.

Ofesi ya alangizi aulere ilipo konkuno, koma khomo lake linayang'ana kumene amayi a kutchalitchi amadikirira basi. Choncho Lachiwiri m'mawa anavala ngati akupita ku ukwati, nakwera basi ya ku Huddersfield, kumene ankati palibe angawadziwe. Kuofesi ya alangizi ya m'tauni imeneyo anadikira pabenchi, chipewa chili pamaondo, akupempha Mulungu kuti mlangiziyo akhale mlendo weniweni.

Chitseko chitatseguka, panatulukira a Maureen Sugden, mayi woimba limba kutchalitchi kwathu. Pajuzi pawo panali kachikwangwani ka anthu othandiza mongodzipereka.

A Oldroyd anaweramitsa mutu. Sikuti chifukwa chodziwana chokha. Zaka zitatu m'mbuyomo, mwana wa mayiwa, Darren, atachotsedwa ntchito n'kuyamba kulandira chithandizo, a Oldroyd ananena mokweza pa tiyi wa pambuyo pa mapemphero kuti masiku ano ena angozolowera kudya thukuta la anzawo. Ananena dala, kuti wina asawaganizire kuti nawonso amalandira. A Maureen anali pompo, akuthira mkaka m'makapu.

"Bambo Oldroyd, lowani," anatero mayiwo, ngati akuitana munthu wina aliyense.

"Ndabwera m'malo mwa mnzanga," anatero a Oldroyd atakhala pansi. "Woyandikana naye nyumba. Sayenda bwino."

"Chabwino. Ngati mnzanuyo angakonde mlangizi wina, ndingamupezere, koma ndi sabata yamawa. Kalata yake ili kuti?"

Sabata yamawa kunali kutali. Anaitulutsa m'thumba, chala chachikulu chili padzina. A Maureen anaikoka pang'onopang'ono, naiwerenga.

"Mnzanuyu nayenso ndi Clifford? Koma ndiye mwafanana."

"Maureen..."

"Iwe Cliff, tinakhalira benchi imodzi kusukulu, unkandibera masamu. Bodza sunalidziwepo. Zonenedwa muno zimatsala muno, ngakhale abusa sazimva. Koma kalatayi inabwera kalekale. Inali kuti?"

"Kuseri kwa wotchi."

"Nonse n'chimodzimodzi. Mumayesa wotchiyo ikuyankhirani?"

Anatembenuza kompyuta kuti onse aziona, nayamba kufunsa chimodzichimodzi: dzina la mwini nyumba, nambala ya kubanki, ngati akukhala ndi wina. A Oldroyd ankayankha akuyang'ana nsapato zawo. Kenaka linafika funso la matenda.

"Pali vuto la m'thupi limene limakulepheretsa kugwira ntchito?"

"Aa, sitingadandaule."

A Maureen anachotsa manja pakompyuta.

"Ndilembe zimenezo? Ndilembe kuti a Oldroyd ali bwino, awapezere ntchito yonyamula makatoni?"

"Alipo ovutika kuposa ine."

"Alipo, koma sindikulemba za iwo. Pano si pakhomo la tchalitchi. Amene akawerenge izi sakudziwa kuti mwamuna wa ku Batley akati ali bwino ndiye kuti watsala pang'ono kugwa. Akakhulupirira zimene wanena. Ndiuze za tsiku loipa, osati Lamulungu."

Mayiwo anawayang'ana kuyambira kukhosi mpaka kumanja.

"Batani la pamkono wa shati lamasuka. Tamanga."

Anayesa. Batani linkaterereka, zala zikungolizungulira ngati si zawo. Anayesanso, thukuta likutuluka pamphumi. A Maureen sanawathandize, komanso sanayang'ane kumbali.

"Lamanzere ndimatha," anatero a Oldroyd potsiriza, mawu ali pansi. "Lamanja ndimalibisa m'jekete."

"Nanga tayiyo umamanga bwanji?"

"Sindimanga. Anamanga Doreen, chaka chimene anamwalira. Ndimangoikweza n'kuivulira kumutu. Sinachapidwepo. Ikamasuka, basi."

Pamenepo zina zonse zinatuluka zokha. Ketulo amathiramo madzi a kapu imodzi chifukwa yodzaza inawagwa kawiri. Zitini satsegula. Kukazizira amagona ndi zovala kuopa mabatani m'mawa. Lamulungu amadzuka kusanache kuti nthawi ya mapemphero ikamakwana akhale atavala. A Maureen ankangolemba, osanena kuti pepani, ndipo iwo anayamikira zimenezo mumtima.

Pempholo litatumizidwa, mayiwo analemba papepala mawu achinsinsi olowera pa intaneti ndi tsiku lokaonekera kuofesi ya boma.

"Ili lisapite kuseri kwa wotchi. Ubwerenso Lachiwiri tione ngati ayankha."

A Oldroyd anaimirira, chipewa chili m'manja, koma sanatuluke.

"Zija ndinanena za Darren..."

"Ndinamva."

"Pamene ndinkanena, inenso ndinali..."

"Ndaona pakalatapo chaka chimene unayamba kulandira, Cliff." Anasonkhanitsa mapepala awo. "Zinandipweteka, ndisaname. Mwanayo sanapondenso kutchalitchi. Kupepesa ukapepese kwa iye, amagwira ntchito kugalaja ya kuseri kwa msika. Ine kunja kuli anthu ena asanu."

M'basi yobwerera anakhala kumbuyo kwenikweni, manyazi akuwawotcha kumaso njira yonse. Anatsika pamsika. Pagalajapo anadutsa kawiri osalowa. Kachitatu analowa, ndipo zimene anakambirana ndi mnyamatayo sanauzepo munthu.

Chithandizo sichinaduke, nyumba akadali momwemo. Lamulungu lotsatira anaima pamalo pawo ndi mabuku a nyimbo. A Maureen anafika atanyamula chikwama chawo, anthu ena atatu ali pambuyo.

"Mwadzuka bwanji, Bambo Oldroyd?"

Yankho lakale linafika pamilomo. Analimeza.

"Zala zavuta lero," anatero, makutu atafiira.

"Bweretsani kuno."

Anatulutsa dzanja lamanja m'jekete, anthu akuona, ndipo mayiwo anawamangira batani lija n'kulowa kukaimba limba.